Za amayi anu ndi masitepe a tube ku London

Asisi, ndaona funso lanu loti amayi akubwera kudzakuonani mwezi wamawa, maondo amawavuta, amayenda ndi ndodo ndipo mtunda ukatalika amafuna wilitcheya, ndiye mukufunsa ngati angathe kukwera tube, sitima za pansi pa nthaka za mu London zija, kapena mungodalira taxi basi. Ndiyankha motalikirapo pang'ono chifukwa inenso apongozi anga anabwera chaka chatha ali ndi vuto lomweli, zambiri ndinazidziwira pa msewu iwo akuvutika, sindikufuna amayi anu ziwachitikire zomwezo.

Kukwera angakwere ndithu koma osati paliponse. Tube ili ndi masiteshoni 272 ndipo amene munthu angafike pa pulatifomu osaponda sitepe ndi limodzi lomwe ndi ongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu. Njanjiyi ndi yakalekale, yoyamba inatsegulidwa mu 1863, omanga nthawi imeneyo za munthu wa pa wilitcheya sankaziganiza n'komwe, ndiye pano kuti aike lifiti pamafunika kukumba chidzenje pakati pa mapaipi a madzi, mawaya a magetsi ndi maziko a nyumba za eni, kwinaku sitima zikuyenda, nchifukwa chake siteshoni imodzi yokha imatenga zaka. Meya Sadiq Khan mu 2016 analonjeza mapaundi 200 miliyoni a ntchito imeneyi, ena anakonzedwadi, ena anaima nthawi ya Covid ndalama zitavuta. Kunena zoona zikuyenda mochedwa ndipo zimandipweteka, mzinda wolemera chonchi agogo n'kumakanika kutsika pa Oxford Circus.

Chachikulu chomwe ndikufuna mugwire ndi ichi, siteshoni kukhala ndi lifiti sikutanthauza kuti palibe masitepe ayi. Covent Garden malifiti alipo akuluakulu koma mukatsika kumunsiko mupezabe masitepe musanafike pa sitima, ndipo olo atakuuzani kuti pali njira ya masitepe yotulukira musayerekeze, ndi 193 amenewo. Russell Square chimodzimodzi. Ndiye musamafunse kuti kodi pali lifiti, muziyang'ana pa mapu a tube kachizindikiro ka wilitcheya. Kakakhala ka buluu ndiye kuti kuchokera pa msewu mpaka kulowa m'sitima palibe chokwera. Kakakhala koyera ndiye kuti mufika pa pulatifomu bwinobwino koma pakati pa pulatifomu ndi sitima pali mpata kapena sitima yakwera m'mwamba, pamenepo pamafunika wantchito abwere ndi rampu ayale. Siteshoni yopanda kachizindikiro ingoyiwalani. Komanso siteshoni imodzi yomweyo line ina ili bwino ina ayi, ngati Waterloo, Jubilee mufika ndi lifiti koma Bakerloo ndi Northern ndi nkhani ina.

Tsiku lofika, pa Heathrow tengani Elizabeth line osati Piccadilly. Ndikudziwa Piccadilly ndi yotchipirako koma masiteshoni ake ambiri apakati pa tauni monga Piccadilly Circus ndi Leicester Square ndi masitepe ndi ma esikaleta okhaokha, munthu watopa ndi ulendo wa ku Chileka kapena KIA, wadikira maola ku Addis kapena Nairobi, miyendo yatupa, muli ndi zikwama za ufa ndi usipa, simungakwanitse asisi. Elizabeth inatsegulidwa mu 2022 ndipo masiteshoni ake onse 41 mumafika pa pulatifomu opanda sitepe, pa Heathrow ndi apakati monga Paddington, Tottenham Court Road, Farringdon, Whitechapel mpaka Woolwich wilitcheya imangolowa yokha m'sitima, akunja kwa tauni ndi omwe amafuna rampu. Musaiwalenso kuuza kampani ya ndege pakadali pano kuti amayi adzafuna wilitcheya pa eyapoti iliyonse, amafuna adziwe kutatsala maola 48.

DLR, sitima zing'onozing'ono zakummawa kwa London, yonse ilibe vuto, kaya mukupita Lewisham, Greenwich kapena Stratford. Jubilee kuyambira Westminster mpaka Stratford ndi yabwinonso poti mbali imeneyo anamanga mu 1999 ataganizira kale za malifiti, ndiye ngati amayi akufuna chithunzi pa Big Ben choti akaonetse azimayi anzawo a kumpingo, tsikirani pa Westminster pomwepo. Green Park ndi yomwe mungatsikire popita ku Buckingham Palace, kungoti makolido ake osinthira line ndi aatali kwambiri, tsiku limenelo wilitcheya isatsale kunyumba. King's Cross, Victoria, Brixton, komanso Battersea Power Station ndi Nine Elms omwe anatsegula mu 2021, onsewa ali bwino.

Koma lifiti ndi makina, imafa. Ife tsiku lina tinafika pa siteshoni ina madzulo mvula ikugwa tinapeza lifiti yafa, ine posadziwa ndinawauza apongozi kuti tingoyesa masitepe pang'onopang'ono, anakwera ndithu osadandaula mukudziwa makolo athu safuna kuoneka ngati akuvutitsa ana, koma anagona masiku awiri bondo litatupa ndipo mpaka lero ndimadzimvera chisoni. Pambuyo pake ndi pomwe ndinamva kuti lifiti ikafa antchito amayenera kukupezerani njira ina yopanda masitepe, ikasowa amakuitanirani taxi osalipira inu. Ndiye musanatuluke m'nyumba tsegulani app ya TfL Go (TfL ndi bungwe loyendetsa tube ndi mabasi mu London), muyike pa step-free, kutanthauza njira yopanda masitepe, imaonetsa malifiti omwe sakugwira ntchito tsiku limenelo ndipo imakusankhirani njira yoyenera olo ikhale yozungulira. Mphindi 20 zoonjezera si kanthu poyerekeza ndi bondo la amayi.

Thandizo la antchito pa tube, Overground ndi Elizabeth silofunika kubukitsa, mumangofika pa geti n'kunena komwe mukupita, amakuperekezani mpaka m'sitima n'kuimbira anzawo akutsogolo kuti akudikireni ndi rampu. Ife a Malawi timachita manyazi kupempha, timaona ngati tikuvutitsa anthu, chonde musatero, ndi ntchito yawo ndipo ambiri amathandiza ndi mtima wonse. Mukafuna kutuluka mu London pa sitima zikuluzikulu zija kukaona abale ku Manchester kapena Leeds, kumeneko bukitsani thandizo la antchito lomwe amati Passenger Assist kutatsala maola awiri kapena kuposera. Pitaninso pa webusaiti ya TfL muitanitse kabaji ka buluu kopempha mpando, nkaulere, amayi akavala anthu amawapatsa malo osachita kuyankhula. Itanitsani pano chifukwa kamabwera pa positi.

Ndipo musanyoze basi. Mabasi onse a mu London ali ndi rampu, ambiri pa chitseko chapakati, dalaiva amatsitsa, wa pa wilitcheya salipira, ndipo malo a wilitcheya m'basimo ndi ake poyamba olo mutapeza pali ma pram dalaiva amayenera kupempha kuti asunthe. Ndalama ya pamanja salandira, inu mudzagwiritse khadi ya ku banki kapena Oyster, khadi yolipirira maulendo ija. Apongozi anga basi ndi yomwe anaikonda kuposa zonse poti amaona tauni pa windo, zoyenda pansi pa nthaka ankati zikuwabanika. Ma taxi akuda aja nawo onse amalowa wilitcheya, okwera mtengo inde koma tsiku lomwe atopa kwambiri musaumire. Pewaninso nthawi yopita ndi yoweruka ku ntchito, muzinyamuka cha m'ma 10 koloko n'kubwerera isanakwane 4.

Simunanene dera lomwe mumakhala, lembani pansipa siteshoni yanu yapafupi ndi malo omwe amayi akufuna kukaona, ndikuyang'anirani njira yake usiku uno ndikaweruka.