Kunkhalango komwe foni sigwira

Funso: Ine ndi anzanga awiri tikufuna kukayenda masiku anayi m'nkhalango yotetezedwa, kutali kwambiri ndi midzi. Akuti foni sigwirako. Tikonzekere bwanji?

Yankho: Achimwene, choyamba uzani oyang'anira nkhalangoyo njira imene mudzatsate komanso tsiku lobwerera. Ine ndinasocherapo m'chifunga pamwamba pa phiri, zala zitauma gwa ndi kuzizira, mwala womwewo kuudutsa kawiri. Chinandipulumutsa ndi mapu apepala ndi kampasi. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye juzi ndi chovala cha mvula musasiye, ngakhale kunja kutacha bwino. Madzi a mumtsinje, kaya aoneke oyera chotani, awiritseni kwa mphindi imodzi, kapena zitatu mukapitirira mamita 2,000. Chifunga chikakupezani, khalani pansi mudikire chichoke.