Nthambi zapamsewu ndi funso lanu la semiotics

Achimwene, mwafunsa kuti semiotics imene akukuphunzitsani ku kolejiyo n'chiyani kwenikweni, nanga ikukhudza bwanji chikhalidwe chathu. Tsekani kaye kopelo, tipite pamsewu wa ku Monkey Bay.

Mukanyamuka pa Boma pa Mangochi n'kupeza nthambi zaziwisi ataziyala mopingasa msewu, palibe amakuuzani kanthu. Dalaivala wa minibasi amachepetsa liwiro n'kutsitsa wailesi, wakabaza amatsika n'kuyamba kukankha njinga, wachipewa amavula. Pali zovuta pamudzipo. Koma nthambi zomwezo akazindandalika m'mbali mwa msewu, ina apa ina apo, mumadziwa kuti kutsogoloko lole yafa. Masamba ndi omwewo, mwina athyoledwa mumtengo umodzi. Mzungu wothamangira kunyanja amangoona zinyalala, ife timawerenga uthenga. Semiotics imafufuza zimenezi: zimatheka bwanji kuti chinthu china chiziimira china, ndipo ndani anavomereza.

Ferdinand de Saussure wa ku Switzerland, amene anamwalira mu 1913 ndipo maphunziro ake anasindikizidwa mu 1916, ankati chizindikiro chili ndi mbali ziwiri: chimene timaona kapena kumva, ndi ganizo limene chimadzutsa m'mutu. Ziwirizi sizinabadwire limodzi ayi, anazilumikiza ndi anthu. Ife timati galu, anzathu achiyao amati mbwa, koma mwiniwakeyo amangouwa chimodzimodzi.

Ine amene amandigwira mtima ndi Charles Sanders Peirce wa ku America, chifukwa anaona kuti si zizindikiro zonse zochita kupangana, zilipo za mitundu itatu. Zoyamba ndi zofanana ndi chinthucho: chambo chojambulidwa pakhoma la lesitilanti chimafanana ndi chambo chenicheni, ngakhale wosadziwa kuwerenga alowa. Zachiwiri ndi zongoloza chimene chikuchitika: nyali zimene zimati ngwee panyanja usiku, ngati tauni yamera pamadzi, palibe anaziyatsa kuti atiuze kanthu. Asodzi akukopa usipa basi, koma ife kumtunda tadziwa kale kuti m'mawa kugombe kuli ndiwo. Zachitatu ndiye zopangana zija. Nsalu yachikasu ilibe mlandu, koma ivaleni nthawi ya kampeni kuno ku Mangochi muone ngati sakutchulani wa UDF, ngakhale munangoikonda pamsika.

Pamene phunziroli limakoma ndi pomwe anthu asemphana pa tanthauzo. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linachotsa pambendera dzuwa lofiira lotuluka lija la 1964, n'kuikapo dzuwa loyera lathunthu, ati dziko latukuka, sikulinso m'bandakucha. Ambiri sanavomere, makamaka mafuta ndi ndalama zakunja zitayamba kusowa. Mu 2012, Joyce Banda atalowa, aphungu anabwezeretsa yakale ija.

Ngati aphunzitsi anu akufuna chitsanzo cha kwanu konkuno, pitani pa nsanja ya wotchi ija pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Atsamunda anaimanga pokumbukira Mfumukazi Victoria, tauni ino ikutchedwa Fort Johnston. Mukafunse akabaza amene amadikirira makasitomala chapomwepo kuti iwo amaiona ngati chiyani, mulembe zimene akakuyankheni.