AP idula fizi? Ndikuyankha mayi wa ku Dallas

Mayi wina wa ku Dallas wandilembera imelo. Mnyamata wake ali giredi 11, akufuna kulemba mayeso asanu a AP (Advanced Placement, maphunziro a mulingo wa ku yunivesite amene ana amaphunzira akadali ku high school), ndiye akufunsa ngati zimenezi zingadule chaka chathunthu cha fizi ku yunivesite. Achemwali, imelo yanu ndaiwerenga katatu mpaka tiyi kundizizirira m'kapu. Mwandikanda pachilonda.

Ine ndinafika ku America ndi satifiketi ya A Level, masamu ndi chemistry. Amayi anaikulunga mu jumbo, n'kuiika pansi pa sutikesi pamodzi ndi zitenje ndi mthiko. Palibe anandiuza kuti pepala limenelo ndi ndalama. Ndinalembetsa masamu oyambirira, zinthu zimene ndinazikhoza kalekale, n'kumalipira ndi thukuta la shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba. Mkalasi ndinkangosinza. Chaka chitatha, mnzanga wina wa ku Ghana ndiye anandifunsa kuti, "Iwe, satifiketi ija unapereka ku ofesi?" Ndinathamangirako mawa lake. Mayi wa pawindo anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kundiuza mwaulemu ndithu kuti ikanawerengedwa, koma poti makalasiwo ndawaphunzira kale, sangandipatse kawiri makilediti, mapointi amene yunivesite imawerengera kuti umalize digiri. Ndinalira m'basi njira yonse.

Ndiye mwana wanga wamkazi atafika ku high school ndinalumbira kuti iyeyu sizimuchitikira. Ndinamukakamiza ma AP sikisi. Digiri kuno imafuna makilediti pafupifupi 120, kalasi imodzi nthawi zambiri ndi atatu. Ndinachulukitsa kuseri kwa envelopu ya bilu ya magetsi, ndinapeza 18, kuposa semesita yathunthu! Envelopuyo ndinaimata pa filiji. Ndinkawerengera madzi a mphutsi.

Chimene sindinkachimvetsa n'chakuti mayeso a AP amayendetsa ndi a bungwe la College Board. Ana amalemba mu May, zotsatira zimatuluka mu July, magiredi ake kuyambira 1 mpaka 5. Ntchito yawo imathera pomwepo. Wopereka makilediti ndi yunivesite, ndipo iliyonse ili ndi muyezo wake, ngati ogulitsa chimanga pamsika, aliyense ndi ndowa yake. Kumene anapita mwana wanga kukachita engineering, 4 wake wa Calculus AB anamulandira, n'kumuchotsera semesita yoyamba ya masamu. Chemistry anapeza 3, iwo amafuna 4, basi yagwa. Ma history awiri anawalandira ndi manja awiri, koma ngati ma elective, makalasi ongodzisankhira wekha, pamene pulogalamu ya engineering ili ndi malo ochepa kwambiri a ma elective. Makilediti alipo pa transcript, chikalata cha magiredi ake, akuoneka bwino, koma sakankha chilichonse. Ina anangomulola kudumpha kalasi popanda kilediti, chimene amati placement. Kudumpha kalasi ndi kupatsidwa kilediti ndi zinthu ziwiri, ndipo makolofe timazisakaniza.

Chinandimaliza ndi biluyo. Yunivesite yake, monga ena ambiri, imalipiritsa mtengo umodzi pa semesita, kaya mwana watenga makilediti 12 kaya 18. Ndiye ngati samaliza semesita yathunthu msanga, fizi sitsika ndi senti yomwe. Mwana wanga anaphunzira zaka zinayi zonse.

Pano ndilankhule mosapsatira. Izi zothamangitsa ana ndi ma AP asanu, asanu ndi awiri, ambiri a ife sitichitira fizi, timachitira gulu la WhatsApp. July akafika mafoni amangolira, "wanga wapeza 5," tonse n'kuponya timanja towomba. Palibe amaponya chithunzi cha mwana atagona pa tebulo 2 koloko usiku, nsima itauma pambali. Wanga ndinamupeza choncho kangapo, n'kumudzutsa kuti apitirize. Zimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndipo sukulu zimene timazilota zija ndi zimene zimauma dzanja kwambiri. Yunivesite ya Dartmouth inasiyiratu kuwerengera AP pa makilediti omalizira digiri kuyambira ndi ophunzira olowa mu 2014. Ofuna udokotala nawonso achenjere, masukulu ena a udokotala safuna kilediti ya AP m'malo mwa biology kapena chemistry ya ku yunivesite.

Ndisanaiwale, abale a kumudzi amandifunsanso zomwezi. MSCE ndi IGCSE zimathandiza polowa basi, musayembekezere makilediti. A Level ngati ya ku Kamuzu Academy, kapena IB (International Baccalaureate) ya ku Bishop Mackenzie ku Lilongwe, zimenezo zimawerengedwa malo ambiri. University of California, mwachitsanzo, imapereka makilediti pa IB Higher Level kuyambira giredi 5 mwa 7. Chonde satifiketi isagone mu jumbo.

Tsono funso lanu

Chaka chathunthu n'chovuta, semesita imodzi n'zotheka. Mwayi wanu ndi wakuti muli ku Texas, kumene lamulo la 2015 limauza mayunivesite a boma kuti asakane 3, pokhapokha atasonyeza umboni kuti phunzirolo likufunika giredi yoposa pamenepo. A pulaiveti lamulolo siliwakhudza. Khalani pansi ndi mnyamata wanuyo, sankhani mayunivesite atatu, tsegulani tebulo la AP credit pa webusaiti ya iliyonse, muliike pafupi ndi mndandanda wa makalasi a digiri imene akufuna. AP imene ikuchotsa kalasi yofunika, alembe. Mayeso amodzi ndi pafupifupi madola 100, ndipo mabanja opeza zochepa amatsitsiridwa, funsani kwa counselor, mlangizi wa pasukulu yake. M'chaka chomaliza atumize zotsatira ku yunivesite yake kudzera ku College Board, kamodzi n'kwaulere akatumiza tsiku la mu June lisanadutse. Kenako muimbe kwa registrar, ofesi yosunga zolembedwa za ophunzira ku yunivesiteko, kuti mumve ngati zafika, asanalembetse kalasi ngakhale imodzi.