Musanathamangire mbewu yopirira chilala, onani kaye nthaka yanu

Achimwene, mwafunsa kuti zikutheka bwanji kuti mvula ya chaka chonse mukaiphatikiza siikusiyana kwenikweni ndi ya kale, koma zokolola zikungotsikabe. Mwafunsanso ngati kugula mbewu yopirira chilala kungathetse vutoli. Ambiri akuyankhani kuti gulani basi. Mbewuyo ndi yabwino ndithu, koma mukayambira pamenepo nthaka muli musanaikonze, mudzakhumudwa.

Mbewu siimwa mvula ya chaka chonse, imamwa madzi amene ali pamizu pake tsiku limenelo. Apa ndi pamene kusintha kwa nyengo kwatipweteka. Bungwe la IPCC, la akatswiri a za kusintha kwa nyengo a mayiko osiyanasiyana, linanena mu 2021 kuti dziko latentha ndi madigiri pafupifupi 1.1 poyerekeza ndi zaka za pakati pa 1850 ndi 1900, ndipo chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake chiyambire kulemba za nyengo. Digiri imodzi imaoneka yochepa, koma mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kusunga chinyezi chochuluka ndi pafupifupi 7 peresenti. Ndiye mvula ikati igwe imakhuthuka yambiri nthawi yochepa, madzi n'kuthamanga pamwamba atanyamula nthaka yachonde. Ikadula, mpweya wotenthawo umayamwa chinyontho m'nthaka ndi m'masamba mofulumira kuposa kale. Mu kaundula wa a zanyengo chaka chimenecho chidzaoneka cha mvula yokwanira, pamene kumunda kunali kukokoloka kwa nthaka mwezi uno, ng'amba mwezi wotsatira.

Tsono ng'ambayo ikagwera nthawi imene chimanga chikumasula, ndiye zavuta. Chimanga chimabereka pamene mungu wochokera ku ngayaye wagwera pa ndevu, ndipo ndevu iliyonse ndi njere imodzi. Madzi akachepa, ndevu zimachedwa kutuluka pamene ngayaye yayamba kale kuwaza mungu, ndipo kukatentha kwambiri mungu womwewo umafa msanga. Ndevu zikamadzatuluka zimapeza mungu utatha. Mvula ikabweranso munda umabiriwira bwinobwino, munthu wodutsa n'kumayamikira, koma pokolola mumapeza zitsononkho za njere zowerengeka. Kafukufuku amene wasayansi wina, David Lobell, ndi anzake anatulutsa mu 2011, atasanthula zotsatira za minda yoyeserera chimanga yoposa 20,000 mu Africa, anapeza kuti kutentha kopitirira madigiri 30 kumadula zokolola tsiku ndi tsiku, ndipo kumadula kwambiri pamene nthaka ili youma kusiyana ndi pamene ili ndi chinyontho. Mfundo imeneyi muigwiritse: kutentha kofanana, koma munda wa chinyontho umapirira. Kafukufuku wina wa mu 2017 anayerekeza kuti pa digiri iliyonse imene dziko likutentha, popanda kusintha kalimidwe, zokolola za chimanga padziko lonse zingatsike ndi 7.4 peresenti, tirigu 6 peresenti, mpunga ndi soya pafupifupi 3 peresenti.

Ena amati mpweya wa kaboni ndi chakudya cha zomera, choncho ukachuluka tizikolola zambiri. Muli zoona pang'ono m'menemo. Tirigu, mpunga ndi soya zimakula bwinoko mpweyawo ukachuluka, koma chimanga ndi mapira sizipindula kwenikweni, ndipo njere za tirigu ndi mpunga wolimidwa motero zapezeka ndi zinki, ayironi ndi mapuloteni ochepa. Phindu lakelo silingalipire zimene kutentha kukuwononga.

Za tizilombo ndingonena mwachidule. Ntchemberezandonda zinapezeka mu Africa mu 2016 kuchokera ku America. Sikuti zinabwera ndi kusintha kwa nyengo, koma kukatentha zimaswana mofulumira, ndipo mbewu yofooka ndi ng'amba siichira msanga ikadyedwa. Chuku choopsa chija chimene chimagwira mtedza ndi chimanga nachonso chimakonda mbewu imene yavutika ndi chilala kumunda.

Dzuwa simungalichepetse, ndipo tsiku logwa mvula simungalisankhe. Chimene chili m'manja mwanu ndi chakuti dontho likagwa m'munda mwanu lilowe pansi ndi kukhalitsa. Nthaka yokhala ndi manyowa ndi zinyalala zowolerana ili ngati nkhokwe ya madzi, imalandira pa tsiku la mvula yambiri n'kumapatsa mbewu pang'onopang'ono m'masiku a ng'amba. Nthaka yotenthedwa mapesi chaka ndi chaka, yolimidwa pakuya kumodzimodzi mpaka pansi pake kulimba, siingachite zimenezo, ngakhale muthire feteleza wochuluka bwanji. Feteleza amene alibe chinyontho chomusungunula ndi ndalama zotayika, ndipo mvula yamkuntho ikabwera amapita ndi madzi.

Zimenezi si nkhani za m'mabuku chabe. Ku Burkina Faso, chilala cha m'ma 1970 ndi 1980 chitasandutsa minda kukhala malo ouma gwa, mlimi wina dzina lake Yacouba Sawadogo anatsitsimutsa njira yamakolo yokumba maenje obzalamo, yotchedwa zaï. Iye anakulitsa maenjewo, n'kumathiramo manyowa nthawi ya chilimwe. Manyowawo ankaitana chiswe, chiswe n'kuboola nthaka yolimbayo, madzi n'kumalowa pansi. Anthu ankamuseka poyamba, koma malo amene ena anawathawa iye anakololapo mapira ndi mawere, mpaka kumeretsa nkhalango, ndipo mu 2018 analandira mphoto ya Right Livelihood. Ku Niger, kuyambira m'ma 1980, katswiri wa zaulimi wa ku Australia, Tony Rinaudo, ndi alimi a m'dera la Maradi anazindikira kuti zitsa zimene anthu ankazidula chaka chilichonse posasa m'munda zinali ndi mizu yamoyo. M'malo mobzala mitengo yatsopano imene inkangofa, anayamba kusiya mphukira zochepa zamphamvu pa chitsa chilichonse n'kumazitengulira. Lero mahekitala mamiliyoni angapo m'dzikomo ali ndi mitengo m'minda. Chimene chimandigwira mtima pa nkhani ziwirizi n'chakuti zipangizo zake zinali khasu ndi chikwanje, ndipo anthuwo anali osauka kuposa ambiri a ife amene tikukambirana pano. Pa mitengo yoyenera kusiya m'munda, msangu ndi wapadera, chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba mbewu ndi mthunzi, koma umaidyetsa.

Choncho yambani ndi izi: lekani kutentha mapesi, aphimbireni pansi kuti dzuwa lisamenye nthaka mwachindunji. Ngati munda uli potsetsereka, mizere itsate akalozera, ndipo pakati pa mizere ikani ngonyeka kuti madzi aime. Pamalo olimba kumbani maenje. Sakanizani kapena sinthanitsani chimanga ndi nandolo, khobwe kapena mtedza. Nandolo makamaka, mizu yake imapita pansi kwambiri n'kuboola pamene khasu silifika.

Koma ndisakunamizeni kuti n'zophweka, chifukwa ena amene amalalikira ulimi wa mleranthaka amabisa zovuta zake. Kukumba maenje ndi ntchito yowawa. Mapesi amene mukufuna kuphimbira ndi omwewo amene ziweto zikufuna kudya. Zaka zoyambirira udzu umavuta, ndipo zokolola sizidumpha nthawi yomweyo, nthaka imatenga zaka zingapo kuti ibwerere. Komanso m'nthaka yamakande, chaka cha mvula yambiri, maenje ndi ngonyeka zimasunga madzi mpaka mizu kuwola, ndiye pamenepo muyenera kutsegula njira kuti madzi atuluke. Palibe njira imodzi yokwanira minda yonse, ndipo amene akuuzani kuti ilipo sanagwirepo khasu.

Tsopano za mbewu ija. Mabungwe ofufuza za ulimi a CIMMYT ndi IITA akhala akupanga mitundu ya chimanga yopirira chilala, ndipo imathandizadi, makamaka chifukwa ndevu ndi ngayaye zake sizitalikirana kwambiri nthawi ya ng'amba. Ku Asia, bungwe lofufuza za mpunga la IRRI linatulutsa mpunga wokhala ndi chibadwa cha Sub1, umene umatha kumira m'madzi pafupifupi milungu iwiri n'kudzukanso. Izi ndi ntchito zazikulu. Koma mbewu yopirira imangokuonjezerani masiku, ndipo masikuwo amachuluka kapena kuchepa malinga ndi nthaka imene mwaibzalamo. Igulenidi, kwa wogulitsa wovomerezeka chifukwa mbewu zachinyengo zachuluka, koma musadzaze munda wonse ndi mtundu umodzi. Bzalani yocha msanga mbali ina, yochedwerako mbali ina, kuti ng'amba ikabwera isapeze munda wonse ukumasula sabata imodzi. Siyaninso malo a mapira, mawere, chinangwa kapena mbatata. Ndikudziwa kuti mapira amavuta ndi mbalame ndiponso msika wake si wodalirika kulikonse, koma chaka chimene chimanga chakana, ndi amene amapulumutsa banja.

Mthirira ndi wabwino kwa amene ali ndi madzi, koma nawo uli ndi malire. Ulimi ukutenga kale pafupifupi 70 peresenti ya madzi abwino amene anthu amatunga padziko lonse, ndipo ku Punjab, m'dziko la India, madzi apansi akutsika chaka ndi chaka chifukwa cha kupopa kopitirira muyeso. Pampu ya sola yachepetsa mtengo wopopera, koma siibweza madzi m'chitsime.

Pali zina zimene mlimi payekha sangathe, ndipo zimandipweteka ndikamamva anthu akumuimba mlandu ngati kuti ndi waulesi. Africa yense amatulutsa gawo lochepa kwambiri la mpweya wotenthetsa dziko, osafika 4 peresenti ya kaboni wochokera ku mafuta ndi malasha, koma alimi ake ndi amene akulipira. Alangizi okwanira, malo oyezera nyengo, uthenga wa mvula wofika pa nthawi yake komanso m'chilankhulo chomveka, zimenezi ndi udindo wa maboma, ndipo tiyenera kumazifunsa mosatopa.

Pa munda wanu, achimwene, musasinthe zonse chaka chimodzi. Patulani kachigawo kamene mungakwanitse, kaphimbireni ndi kuthiramo manyowa, kenako bzalani mbewu yatsopanoyo theka m'kachigawoko, theka m'munda wolimidwa mwa masiku onse, tsiku limodzi, feteleza wofanana. Lembani tsiku lililonse limene mvula yagwa ndi tsiku limene chimanga chamasula. Musabzale ndi mvula yoyamba yongonyowetsa fumbi, kumbani kaye muone ngati chinyontho chalowa mokwanira. Mutiuzenso ngati nthaka yanu ndi yamchenga kapena yamakande, komanso ngati munda uli potsetsereka, chifukwa kusankha pakati pa maenje ndi mizere ya ngonyeka kudalira zimenezo.