Mwana akachoka pasukulu ya pulayiveti ali ndi ngongole ya fizi

Mayi, mwafunsa ngati ngongole ya fizi imafafanizidwa mwana akasiya sukulu pakati pa teremu, komanso chifukwa chake ahedi akukaniza kalata ya transifa. Ngongoleyo ikadalipo ndithu. Kawerengeninso fomu imene munasaina polembetsa mwana. Sukulu zambiri za pulayiveti zimawerengera fizi ya teremu yonse mwana akangoyamba kulowa m'kalasi, kaya waphunzira masabata atatu okha, poti malo ake anasungidwa ndipo aphunzitsi amalandira malipiro mwezi uliwonse. Pomwe mungakambirane mwamphamvu ndi pa ndalama yogonera ndi chakudya, chifukwa mwanayo sanadye masiku otsalawo. Ngati munaperekanso caution fee, ndalama ya chikole imene sukulu imasunga kuchitira kuti mwina mwana angawononge katundu, auzeni aichotsere pangongolepo.

Chimene chimawonjezera ngongole ndi kumuchotsa mwana mwakachetechete. Dzina limakhalabe m'kaundula, a bursar, osunga ndalama za sukulu, n'kulemba fizi ya teremu yotsatira. Choncho lemberani ahedi kalata yotchula tsiku limene mwana anasiya, makope awiri, imodzi adinde mubwerere nayo. Kenako pemphani statement, pepala loonetsa ndalama zimene munalipira ndi zotsala, muiyerekeze ndi malisiti komanso madipoziti silipu a kubanki. Kawirikawiri ndalama imasokonekera chifukwa polipira munalemba dzina lanu m'malo mwa la mwana.

Kalata ya transifa ndi sukulu lipoti ndiye chikole chimene sukulu ili nacho, n'chifukwa chake amaumira. Ahedi ambiri amafewa mukapereka kagawo kenakake lero, yotsalayo n'kulemberana mgwirizano wotchula ndalama ndi masiku olipira. Zapakamwa zokha musadalire, ahedi amasinthidwa.

Akakhala wa Fomu 4 woti analembetsa kale mayeso a MSCE, ganizani kawiri musanamusamutse. MANEB imamudziwa kudzera pa senta imene analembetsera, ndipo satifiketi imadzafikira komweko. Sukulu yokwiya imangoitsekera mudilowa, vuto n'kudzatulukira mwana akufuna malo kukoleji kapena ntchito.

Zikakanika, kadandauleni ku ofesi ya maphunziro ya divishoni yanu, akuluakulu kumeneko angathandize kuyanjanitsa. Nayonso sukulu ili ndi ufulu wokasuma kukhoti la majisitireti, ndipo amene amasumiridwa ndi kholo losaina fomu, mwana sakhudzidwa. Lamulo limapereka zaka 6 zoti munthu asumire ngongole ya mgwirizano wotere, ndiye malisiti aja asungeni bwino kufikira mutalandira kalata yotsimikiza kuti mwamaliza kulipira.