Datsun ya bambo anu isatuluke pa mpanda

Achimwene, funso lanu loti mupereke Datsun ya malemu bambo anu kwa makaniko kuti aidzutse landitokosa pachilonda. Ine zinandionekera, ndipo mpaka lero sindinachire.

Bambo anga anali ndi Datsun 160J, ya SSS, ya makabuleta awiri ija. Anaigula kwa mmwenye wina ku Limbe itayendapo kale, ndipo chimene anaigulira ndi Shekhar Mehta basi. Ana a mugulu muno mwina dzinali ndi lachilendo. Mehta anabadwira ku Uganda, banja lawo linathawira ku Kenya Idi Amin atathamangitsa amwenye mu 1972, chaka chotsatira iye n'kupambana Safari Rally, mpikisano waukulu wa magalimoto, pa Datsun 240Z. Kenako anadzaitenganso kanayi kotsatizana, 1979 mpaka 1982, Mike Doughty ali pambali pake kumuwerengera njira. Mu 1979 ndi 1980 galimoto yake inali 160J yomweyi. Makilomita pafupifupi 5,000, nyengo ya Pasaka, matope ali tho, msewu wake womwewo wodutsa mabasi ndi ng'ombe. Kuno kanema kunalibe, TVM inadzabwera mu 1999, ndiye bambo ankachezera pa wayilesi kupotokola kabatani kusaka zotsatira. Amalume anali a Peugeot 504, mkangano wake sunkatha. Iwo akati Ove Andersson anapambana pa 504 mu 1975, bambo ankangokweza zala zisanu osayankha kanthu. Kuseri kwa kotchingira dzuwa ka mbali ya dalaivala anamatako chithunzi chodula m'magazini, Datsun ya Mehta ikuwoloka madzi, nyali zili ngwee.

Bambo anatisiya mu 2009. Galimoto inakhala pansi pa mtengo wa mango zaka ziwiri, mu 2011 ndinati ayi, iyendenso. Ndinaikokera kwa makaniko wina wachikulire, munthu woti pamaliro a bambo analipo, ananyamula nawo bokosi. Ataiona anaisisita boneti n'kunena kuti mwana wanga, iyi ndi galimoto ya anzanga, isiye m'manja mwanga. Ndalama ndinapereka zonse tsiku lomwelo. Zonse!

Kuyambira pamenepo nkhani zake zinali zosatha. Mukukumbukira mafuta anasowa chaka chimenecho, anthu tikugona pa mizere. Iye ankati sangaiyese popanda petulo. Ndinamugulira malita asanu a pa mtengo wa kuseri. Kenako ati sipeyala ikuchokera ku Joni. Kwacha itagwa mu May 2012 ati ndionjezere. Ndikafuna kupitako ankati bwerani Lachisanu, Lachisanu likafika foni yozima.

Loweruka lina m'mawa ndinangodzuka n'kupita osamuuza. Kutsogolo kwa galaja kunalibe. Kamnyamata kophunzira ntchito kanandiyang'ana mwamantha n'kuloza kuseri ndi mlomo. Ndinaipeza ili pa njerwa, matayala onse anayi palibe, udzu utamera mpaka kulowa pansi pa mipando. Nditatsegula boneti ndinangoona dothi. Injini palibe, giya bokosi palibe, ladiyeta palibe, mawaya okha ali lendelende. Chiwongolero chimene bambo anachikulunga ndi chikopa ndi manja awo anachizula. Kalembo ka SSS anakatokosa ndi sikuludalaiva mpaka kukanda penti. Pa mpando wakumbuyo nkhuku inali itaikira mazira.

Chimene chinandimaliza ndi chithunzi chija. Ndinachipeza pansi pafupi ndi chitseko, chitapindidwa, wina atapukutira manja a oyilo. Nyali imodzi yokha ya galimoto ya Mehta ndi imene inkaonekabe. Miyendo inazizira, ndinakhala pa njerwa pomwepo n'kulira ngati mwana, bambo wa ana atatu, anyamata aja akundionerera. Kwa ine tsiku limenelo ndi limene bambo anamwaliradi.

Mkulu uja atabwera sanachite ngakhale manyazi. Ati zinthu anasunga m'nyumba kuopa akuba. Ndinati tiyeni mukandionetse, ati makiyi apita ndi mayi kumunda. Kamnyamata kaja ndi kamene kanadzandinong'oneza kumsewu kuti injini inalowa mu pikapu ya munthu wogula mbewu, makabuleta anagulitsa paokha kalekale. Munthu woti anadya nsima ya mayi anga! Anaona mwana wamasiye wosadziwa za magalimoto n'kumati apa ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Pepala ndinalibe, nambala ya injini sindinalembe, ndikanayambira pati? Chigobacho chinapita kwa ogula zitsulo pa sikelo. Mkuluyo ndikamuona pamsika ndimakhota njira, moni wanga sadzaulandiranso.

Ndiye achimwene, galimotoyo isatuluke pa mpanda. Makaniko azibwera pakhomo panu, azigwira inu muli pompo. Lero lomwe lembani nambala ya injini ndi ya chasisi, jambulani chilichonse ndi foni, makabuleta, dashibodi, ngakhale timalembo. Ndalama muzipereka pang'onopang'ono, ntchito ikaoneka. Za bambo zimene zili m'katimo, makadi, zithunzi, kaya chipewa, chotsani musunge m'nyumba.

Komanso musaisiye ingokhala ngati mmene ndinachitira ine zaka ziwiri zija, pansi pamadyeka ndi dzimbiri, makoswe amatha mawaya. Ndipo musaipatse anyamata a makompyutawa, makabuleta awiri amalinganizidwa ndi khutu. Pezani mdala amene anakulira pa ma Datsun, ngati akuti zida zake zili ku galaja abwere nazo pakhomo, mumupatse mpata osamupanikiza, ntchito imeneyi sifuna phuma.

Mutiuze ngati yanuyo ili ya SSS. Tsiku loiliza koyamba mundiitane chonde, kulikonse muli ndikwera basi, ndidzangoima pambali kumva kulira kwake.