Mwana azidziwa malume ake ndi azakhali ake

Adzukulu anga, mwandifunsa ngati pali cholakwika kuti ana anu, amene akukulira mumzinda wa Lilongwe, azingoitana wachibale wamkulu aliyense kuti anti kapena ankolo, popeza mayina athu a chibale ndi ambiri ndipo akuti amawasokoneza. Cholakwika chilipo, ndipo chidzaonekera pa mmene anawo adzaganizire za anthu awo akadzakula.

Mwana wa Mchewa akamayamba kuyankhula amauzidwa kuti mkulu wa mayi ake ndi amayi aakulu, mng'ono wawo ndi amayi aang'ono, ndipo ana a amenewa ndi abale ake enieni, osati asuweni. Palibe amene amamukhazika pansi kuti aloweze zimenezi. Amazimva pamphasa, mayi ake akamamutuma kuti, "Kapereke madziwa kwa amayi ako aang'ono, ugwade ndipo ugwire chikho ndi manja awiri." Akatumidwa chotero chaka ndi chaka, mumtima mwake mumakhazikika kuti amayi ake si mmodzi. N'chifukwa chake kale mayi akamwalira, mwana ankangolowa m'nyumba ina ya pamudzi pomwepo, ndipo womulandirayo sankadziona ngati wachifundo, pakuti ankalera mwana amene wakhala akumutchula kuti amayi kuyambira ali kumbuyo.

Mlongo wa mayi ndiye malume, ena amati atsibweni, ndipo kwa ife amene timatsata mtundu kuchikazi, iyeyu ndiye mwini mbumba. Nkhani ya ukwati ikabwera amaunikira za unkhoswe ndi iye, mdzukulu wake akapalamula amakaima naye pabwalo la amfumu ndi iye, ndipo maliro akagwa m'mbumba uthenga sungamudumphe. Mlongo wa bambo ndi azakhali. Ana a malume ndi a azakhali ndiwo asuweni, amene mwana amaseleulana nawo momasuka, ndipo kale ankatha ngakhale kukwatirana, chinthu chimene sichingaganizidwe n'komwe pa mwana wa amayi aang'ono. Tsono mwana amene anthu onsewa wawaphimba ndi dzina limodzi, tsiku limene banja lake lidzagwedezeke sadzadziwa khomo loyamba kukagogoda, ndiponso mwana wa mlongo wake akadzabwera ndi vuto sadzazindikira kuti udindowo ndi wake. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ana amasiye ena amasowa pogwira pamene abale a makolo awo ali moyo.

Chimodzimodzi ndi ulemu wa m'kamwa. Mwana amene wazolowera kunena kuti "abwera" ponena za munthu mmodzi wamkulu, ndi kusankha pakati pa iwe ndi inu asanatsegule pakamwa, amaphunzira kuyamba waona amene ali patsogolo pake, msinkhu wake ndi malo ake, asananene zakukhosi. Chizolowezi chimenechi chimamuthandiza ngakhale pantchito, pamene akuyankhula chiyankhulo china.

Sindikukana Chingerezi, ndipo anawo achiphunzire bwino, chifukwa mayeso ndi ntchito zikuchifuna. Koma dziwani kuti ngakhale Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kuti chikhale chophunzitsira m'sukulu, choncho za chibalezi musayembekezere kuti aphunzitsi adzakugwirirani ntchitoyo.

Pa kusokonezeka kumene mukuopako, musade nkhawa. Yambani ndi achibale amene amabwera pakhomo panu kawirikawiri, ndipo inuyo muziwatchula bwino pamaso pa anawo. Wachibale akaimba foni, muuzeni mwana kuti akuyankhula ndi azakhali ake, kenako mumufotokozere kuti anabadwa bere limodzi ndi bambo ake. Pa tchuthi chikubwerachi muwabweretse kumudzi, ndidzawayendetsa ndekha nyumba ndi nyumba kuti aliyense akamuone ndi maso.